Kugula galimoto yakale ku Chipata: yambani ndi mapepala, injini pambuyo

Ikangofika nyengo yogulitsa soya ndi fodya, foni yanga sipuma. Funso limakhala lomwelomwelo: "Achimwene, ndapeza ka Allion pa Facebook, mwini wake ali ku Kapata, tiyeni mukandionereko." Sindingathe kuperekeza aliyense, ndiye ndalemba pano zimene ndimachita ndikamaona galimoto yoyendapo kale, motsatana mmene ndimachitira. Muona kuti mapepala ndawaika patsogolo pa injini. Ndachita dala. Injini yofa makaniko amaidzutsa, koma galimoto ya mapepala oipa palibe garaji imene ingaikonze, ndipo ife okhala pafupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique zoterezi zimatipeza kawirikawiri.

1. Sankhani galimoto poyang'ana msewu wanu

Musanayambe kusirira zithunzi, dzifunseni kumene galimotoyo izipita Loweruka. Ngati moyo wanu ndi wa m'tauni, kuchoka ku Kalongwezi kupita ku Down Shops, mwa apo ndi apo ku Katete kapena ku Lusaka, Vitz, Fit, RunX kapena Corolla zikukwanirani. Koma ngati kwanu ndi ku Vubwi kapena mkati mwa Chipangali, ndipo mumapitako ngakhale mu February mvula ili pachimake, iwalani za Mark X. Ndi yokongola, V6 yake imakoka bwino, koma ndi yotsika kwambiri, ndipo mwala umodzi wobisala m'matope ukhoza kuboola pansi pa injini oyilo yense n'kutayikira m'thengo.

Kenako funsani nambala ya chasisi, ngakhale pa foni pomwepo. Pa magalimoto ochokera ku Japan, zilembo zoyambirira za nambalayi zimakuuzani injini imene ili mkati. Pa Allion ndi Premio, NZT240 ndi ya injini ya 1NZ, ya 1.5, ZZT240 ndi ya 1ZZ, ya 1.8, AZT240 ndi ya 1AZ, ya 2.0, imene anthu amangoti D4. Corolla ya NZE121 nayo ndi 1NZ. Munthu amene akugula galimoto yake yoyamba ine ndimamukankhira ku 1NZ. Imayendera tcheni osati lamba, simwa mafuta ambiri, masipeya ake ali mbwee, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango anaitsegulapo. D4 ya Toyota ndi GDI ya Mitsubishi zimapopera petulo molunjika m'masilinda ndi mphamvu yaikulu. Zikakhala bwino n'zokoma kuyendetsa, koma zimaunjika mwaye mkati, zimadana ndi petulo wa m'zigubu wogula m'mbali mwa msewu, ndipo pampu yake ikafa mudikira basi ya ku Lusaka. Ma 1ZZ oyambirira amadziwika ndi kudya oyilo. Amene mtima wawo uli pa Prado kapena Surf ya dizilo ya 1KZ adziwiretu kuti ikangowira kamodzi kwambiri, mutu wa injini umang'aluka.

2. Ndalama zonse zisathere pa mtengo

Pa ndalama zimene muli nazo, patulani gawo limodzi mwa magawo asanu ndipo wogulitsa asalidziwe. Limenelo ndi la kusintha umwini, inshuwalansi, road tax, fitness (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), oyilo, mafyuluta ndi matayala, chifukwa palibe galimoto yakale imene ilibe chofuna. Ngati mungapirire, musagule pakati pa June ndi September pamene aliyense ali ndi ndalama za mbewu m'thumba ndipo ogulitsa akudziwa. Mu January, anthu akusaka ndalama za feteleza ndi za ana a ku koleji, munthu yemweyo amene ankakana kutsitsa amakuimbirani yekha.

3. Werengani mapepala musanatsegule boneti

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ambiri amadumpha. Amaona white book patali, n'kugwedeza mutu, n'kuthamangira kukamvera injini.

White book ndi chiphaso cha RTSA, bungwe la boma loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu, chosonyeza kuti galimoto inalembetsedwa m'Zambia ndiponso kuti mwini wake ndani. Funani yeniyeni, muigwire m'manja. Fotokope kapena chithunzi cha pa WhatsApp si white book. Mukamva mawu akuti "ili kwa amalume ku Petauke, tidzatenga mawa, inu ingoperekani kaye theka," tsanzikani mwaulemu, mudzabwere tsiku limene amalumewo abweretsa.

Mukaigwira, yerekezani dzina lolembedwapo ndi la pa NRC, chitupa cha unzika, ya munthu amene waima patsogolo panu. Nthawi zambiri sizigwirizana, ndipo si kuti nthawi zonse ndi kuba. Kuno galimoto imatha kudutsa m'manja atatu popanda wosintha dzina: mphunzitsi wa ku Lundazi anagulitsa kwa wa taxi, wa taxi anagulitsa kwa dila, dila akugulitsa kwa inu, koma white book ikadali m'dzina la mphunzitsi uja. Vuto ndi lakuti ku RTSA amadziwa mphunzitsiyo basi. Kuti dzina lisinthe pafunika kalata yogulitsira yosainidwa ndi iye ndi fotokope ya NRC yake. Ndiye funsani dila kuti mwini dzinali ali kuti, muyankhule naye nokha, ndipo ngati n'kotheka mukaonane naye maso ndi maso. Nambala ya foni imene dila wakupatsani ikhoza kukhala ya mlamu wake. Ngati mwini dzinalo sakupezeka, galimotoyo mudzayendetsa zaka ndi zaka ili ya munthu wina, ndipo tsiku limene mudzafune kugulitsa kapena kuoloka nayo malire ndi pamene mudzamve kuwawa.

Tsopano nambala ya chasisi. Musakhutire ndi kachitsulo kokhomedwa ndi misomali m'chipinda cha injini, chifukwa kameneko kamachotsedwa pa galimoto ina n'kukhomedwa pa ina. Funani nambala yodindidwa pa thupi la galimoto lenilenilo. Pa ma Toyota ambiri akale ili pa khoma lachitsulo la kumbuyo kwa injini. Pa ena atsopanoko ili pansi pa mpando wa dalaivala, mukakweza kachidutswa ka kapeti. Pukutani ndi kansalu, muunikire ndi tochi ya foni chammbali, muwerenge chilembo chimodzichimodzi mnzanu akutsatira pa white book. Kenako yendetsani chala mozungulira nambalayo. Chitsulo cha ku fakitale chimakhala chosalala ndipo zilembo zake ndi zofanana kukula, zoima pa mzere umodzi. Mukamva timabampu ta kuwotcherera, mukaona mikwingwirima ya galainda, penti yonyezimira pamalo pokhapo pamene pena ponse pali fumbi lakale, kapena nambala imodzi yopendama, bwezerani kapeti muzipita. Chinyengo chake chimayenda chonchi: pali galimoto yolembetsedwa bwinobwino imene inaphwanyika pa ngozi, ndipo pali ina ya mtundu womwewo yobedwa kapena yolowa mozemba msonkho. Yachiwiriyo amaiveka nambala ndi mapepala a yakufa ija. Pa pepala zonse zimaoneka bwino, chitsulo chokha ndiye chimaulula. Yerekezaninso nambala ya injini. Injini zimasinthidwa, si mlandu, koma pakhale risiti ya kumene inagulidwa ndipo kusinthako kudziwike ku RTSA.

Bwererani ku white book muone ngati pali absolute owner. Owner ndi amene amasunga ndi kuyendetsa galimoto. Absolute owner ndi amene mwalamulo galimotoyo ili m'manja mwake mpaka ngongole ithe, kawirikawiri banki kapena kampani yobwereketsa ndalama. Dzina lotere likakhalapo, wogulitsa alibe mphamvu yogulitsa yekha. Akakuuzani kuti "loni ija ndinamaliza kalekale," muyankheni kuti zili bwino, abweretse kalata ya ku bankiko yonena zimenezo, ndipo dzinalo lichotsedwe kaye.

Ngongole ina sionekera pa white book. Kuyambira pamene lamulo la 2016 la katundu wonyamulika woperekedwa ngati chikole linayamba kugwira ntchito, ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, kuli kaundula amene obwereketsa ndalama amalembetsamo magalimoto a chikole, ndipo munthu angathe kufufuzamo polipira kandalama kochepa. Fufuzani. Koma a kaloba, aja obwereketsa ndalama m'makomboni pa chiwongoladzanja chokwera, amene anzathu a ku Malawi amati katapila, ambiri salembetsa kulikonse. Iwo amangosunga white book m'kabati pamodzi ndi kalata yogulitsira imene wokongolayo anasainiratu. Wokongola uja zikamuthina amakanena kuti white book inatayika, n'kutenga ina, n'kukugulitsani. Pakapita mwezi mumangoona anyamata atatu pa geti ali ndi white book yoyamba ndi kalata yawo. Choncho white book ikakhala yobwereza ndiponso yatsopano kwambiri pa galimoto yakale, funsani kuti yoyamba inapita kuti, ndipo funsaninso anthu ena a m'dera la wogulitsayo. Chipata si yaikulu. Amakaniko ndi otsuka magalimoto amadziwa galimoto iliyonse imene inagonapo kwa wa kaloba.

Palinso galimoto ya masiye. Mwini wake anamwalira, ndipo mng'ono wake kapena mwana wamkulu watenga makiyi. Ngakhale akhale munthu wabwino bwanji, kukhala m'bale sikumupatsa mphamvu yogulitsa. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limapereka magawo kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, makolo ndi ena odalira malemuyo, ndipo woyendetsa zonsezi ndi administrator wosankhidwa kudzera ku khoti. Funani pepala la khoti losonyeza kusankhidwa kwake, ndipo ine ndimaumirira kuti mayi wamasiye kapena ana akuluakulu akhalepo pa tsiku logulitsa ndi kusaina ngati mboni. Milandu ya pabanja imatenga nthawi, ndipo nthawi yonseyo galimoto imakhala itaima pa polisi matayala akuphwa.

Mukamva za red book, dziwani kuti galimotoyo inalowa m'dziko osalipira msonkho wonse chifukwa cha chilolezo chapadera, monga za mabungwe ena othandiza anthu. Isanakhale yanu, nkhani ya msonkhowo ithe ku ZRA, bungwe lotolera misonkho m'Zambia, ndipo red book isinthidwe kukhala white book. Gwirizanani polemba kuti alipire ndani.

Chomaliza pa mapepala ndi chimene chimakola anthu a kuno kwambiri: galimoto ya nambala ya ku Malawi kapena ku Mozambique. Mwami ndi pafupi, Chanida naye sali kutali ndi Katete, ndipo mtengo umakhala wokopa. Galimoto yotere imalowa ndi chilolezo cha kanthawi, TIP, chimene mlendo amapatsidwa kuti ayende nayo n'kubwerera nayo kwawo. Si chilolezo chogulitsira. Blue book ya ku Malawi ingakhale yeniyeni, koma ilibe ntchito ku RTSA, ndipo msonkho umene unalipiridwa ku MRA, bungwe la misonkho la ku Malawi, sukuchotserani ngwee imodzi pa wa ZRA. Ngati mwaikondadi, njira yake ndi yakuti ituluke mwalamulo m'kaundula wa kwawoko, apolisi a Interpol atsimikize kuti si yobedwa, mulipire msonkho ku ZRA, mulandire Customs Clearance Certificate, kenako ilembetsedwe kuno. Pitani kwa clearing agent wovomerezeka akuwerengereni msonkho musanapereke kalikonse. Nthawi zambiri mukaphatikiza zonse, kutchipa kuja kumasungunuka. Amene amakuuzani kuti "muzingokadinditsa pa boda mwezi ndi mwezi" sadzakhalapo tsiku limene a kasitomu adzaigwire.

Mukamaliza zonsezi yang'anani madisiki a pa galasi: road tax, fitness ndi inshuwalansi. Ngati road tax inatha kalekale, pangakhale ngongole yotsalira, ndipo ichotsedwe pa mtengo.

4. Ikaoneni m'mawa, injini isanalizidwe

Panganani 06:30, kunyumba kumene galimoto imagona, osati pa filling station masana. Mukafika, musanapereke moni wautali, ikani dzanja pa boneti. Ikakhala yofunda ndiye kuti wina anadzuka msanga kuti aitenthetse, ndipo pali chifukwa. Injini yotopa imadziulula pa kuliza koyamba: kuchedwa kugwira, phokoso la tcheni la masekondi angapo, kugogoda kwa pansi, utsi.

Isanalizidwe, sololani chitsulo choyezera oyilo. Wakuda si vuto lalikulu. Woopsa ndi wooneka ngati tiyi wamkaka, chifukwa ndiye kuti madzi akulowa mu oyilo. Wolimba kwambiri ngati uchi pa injini yaing'ono ya petulo nthawi zambiri amathiridwa kuti abise utsi ndi phokoso. Tsegulani chivindikiro chothirira oyilo muunikire mkati: chitsulo chikhale chofiirira choyera, osati chomata phala lakuda. Tsegulaninso rediyeta, injini ili yozizira basi, muone ngati muli coolant wobiriwira kapena wofiira, kapena madzi a pa mjigo a dzimbiri.

Tembenuzani kiyi osaliza. Magetsi onse a pa dashibodi ayake: la injini, la oyilo, la ABS, la airbag. Kenako lizani, onse azime. Limene silinayake n'komwe ndiye kuti wina anachotsa babu kapena anamata tepi yakuda kumbuyo kwake. Mnzanu aime kumbuyo aone utsi. Wa buluu ndi oyilo akupsa. Woyera wopyapyala m'mawa wa June ndi nthunzi chabe, koma woyera wochuluka wosatha injini itatentha ndi chizindikiro chakuti gasket ya mutu wa injini yapsa. Ndi chivindikiro cha rediyeta chotsegula, chija munatsegula injini ili yozizira, onani ngati madzi akutulutsa thovu losalekeza. Limenelonso ndi gasket.

Mvetserani fani. Ikayamba kuzungulira nthawi yomweyo mwaliza injini yozizira, AC ili yozimitsa, n'kumangozungulira osaima, wina anailumikiza dairekiti. Kawirikawiri amakhala atachotsanso thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa madzi a injini. Amakaniko ena amati kuno n'kotentha, thermostat ndi ya ku Japan kozizira. Si zoona. Anachotsa chifukwa galimoto inkawira, ndipo chimene chinkaiwiritsa chikadalipo.

Za mileage, makilomita amene galimoto yayenda, musakhulupirire nambala ya pa dashibodi, imabwezedwa mosavuta. Ngati wogulitsa anasunga export certificate ya ku Japan, pamakhala makilomita amene galimoto inali nawo poyezedwa komweko, ndipo ena amakhalanso ndi pepala kapena sitika ya oyeza galimoto isanakwere sitima, monga JEVIC. Yang'ananinso timasitika ta oyilo ta Chijapani pa mphuthu ya chitseko. Manambala ake amawerengeka ngakhale simudziwa chinenerocho. Galimoto yonena 70,000 km koma labala ya buleki yatha mpaka chitsulo kuonekera, chiwongolero chaterera, mpando wa dalaivala wabooka, ikunama. Chaka chopangidwa chimalembedwa pa kansalu ka m'munsi mwa lamba wa mpando.

5. Thupi ndi kunsi

Paja akulu anati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Galimoto yogulitsa imatsukidwa ndi kupakidwa polishi mpaka matayala, ndiye maso anu apite kumene wotsuka safika. Gwadani kutsogolo muyang'ane m'mbali mwa galimoto motsata kuwala. Pamene anamata body filler, phala lobisira pogundika, pamaoneka mafunde. Kamaginito kokulunga m'kansalu kamagwira pa chitsulo koma pa filler yochindikala kamagwa. Mipata ya boneti ndi zitseko ikhale yofanana mbali zonse. Chotsani tayala la sipeya muone pansi pa buti ngati pali makwinya kapena zowotcherera. Kugundidwa pang'ono pa bampala si nkhani, galimoto za m'tauni zonse zinagundidwapo. Chokanira ndi miyendo ya chasisi yopindika kapena yowotcherera, chifukwa yotero imadya matayala moyo wake wonse.

Pitani nayo pa dzenje la garaji kapena pa rampu ya car wash, mulowe pansi ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Onani kudontha kwa oyilo, malabala ong'ambika a CV joint (mfundo yopereka mphamvu ku tayala), mashoko onyowa, mabushi otha. Galimoto zina zinachokera kumpoto kwa Japan kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, ndipo kunsi kwake kumakhala dzimbiri lofundukuka ngakhale pamwamba pakuwala. Onaninso ekizozi. Pakakhala chipaipi chowotcherera pamene panayenera kukhala catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, ndiye kuti inadulidwa n'kugulitsidwa, mtengo utsike.

Pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2318 ndi sabata ya 23 ya 2018. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mapanga ake ali akuya. Ndipo mukaona lolembedwa Studless, limenelo ndi la pa chipale, labala yake ndi yofewa, siyenera phula lotentha la ku Luangwa mu October.

6. Yendetsani nokha, wailesi ili chete

Kuzungulira pa Kapata sikokwanira. Mufunika mtunda, msewu wa liwiro ndi kamsewu ka fumbi. Tulukani m'tauni cha ku Mwami kapena cha ku Katete mpaka injini itenthe bwino, kenako mupeze chitunda, poti Chipata sasowa mapiri, mukwere AC ili yoyatsa, diso lili pa muvi wa kutentha. Pa fumbi tsegulani mawindo mumve kugogoda kwa kunsi. Pamalo otakasuka pindani chiwongolero mpaka kumapeto muzungulire pang'onopang'ono. Kulira kwa "ta-ta-ta" ndi CV joint. Pa msewu wowongoka masulani manja pang'ono muone ngati ikukokera mbali, ndipo pondani buleki mwamphamvu kamodzi.

Giyabokosi ndiye yofunika kuimvetsera kwambiri, chifukwa ndi yodula. Mutaponda buleki, chotsani pa P kupita pa D, kenako pa R. Igwire msanga, mosagunda. Dziwaninso ngati ndi otomatiki wamba kapena CVT. Vitz kuyambira 2005, ndi Allion kapena Premio kuyambira 2007, zambiri ndi CVT. Pa CVT simumva magiya akusintha, liwiro limangokwera. Ikamanjenjemera ponyamuka, ikamalira ngati mluzu, kapena injini ikamakuwa koma galimoto osathamanga, isiyeni. Honda Fit yoyambirira imadziwika ndi kunjenjemera kotereku ponyamuka. Funsani wogulitsa mafuta amene anathira mu giyabokosi. Akayankha kuti "ATF wamba, onse ndi amodzi," mwadziwa kale chimene CVT imeneyo yakhala ikumwa.

Pobwerera dutsani kwa wa kompyuta yoyezera magalimoto aiike pa makina. Mulipire inuyo, ndipo akuuzeninso ngati zolakwika zafufutidwa posachedwa.

7. Kulipira ndi kusintha dzina zichitike limodzi

Ili ndi lamulo langa ndipo sindiligonjera: ndalama yomaliza imaperekedwa wogulitsa ali nanu ku maofesi. Munthu akalandira zonse foni yake imayamba kuvuta netiweki. Ngati akufuna chikole choti asagulitse kwa wina, perekani kochepa, polemba, ndi mawu akuti kadzabwezedwa mapepala akapezeka ndi vuto.

Lembani kalata yogulitsira yokhala ndi maina onse awiri, manambala a NRC, nambala ya galimoto, ya chasisi, ya injini, mtengo weniweni, tsiku ndi ola limene mwalandira makiyi, ndi mboni ziwiri. Ola ndi lofunika chifukwa milandu ya pamsewu ya m'mbuyo isagwere inu. Musalole kulemba mtengo wabodza wotsika. Nkhani ikadzafika ku khoti adzakubwezerani wolembedwawo. Kenako nonse awiri pitani ku polisi akaone ngati galimoto siili pa mndandanda wa zobedwa, ku ZRA mukatenge pepala lolola kusintha umwini, apa nonse mufunika TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ndi ku RTSA kumene oyeza adzaona nambala ya chasisi ndi maso awo asanalandire mafomu. Funsani pa kauntala mndandanda wa zofunika ndi mitengo ya tsikulo, lipirani kumene ofesi yakuuzani, mutenge risiti ya boma. Anyamata oima pa geti onena kuti "bwana tikuthamangitsireni" ena amathandizadi, koma white book yeniyeni musaisiye m'manja mwawo.

Lipirani kudzera ku banki kuti pakhale umboni, ndipo ndalama ipite ku akaunti ya mwini dzina la pa white book kapena ya munthu amene iye walemba kuti alandire. Dila alandire yake payekha. Musaiwale kiyi yachiwiri. Ndipo inshuwalansi ya mwini wakale musaidalire, gulani yanu tsiku lomwelo musanatuluke nayo pa geti.

8. Sabata yoyamba

Ngakhale wogulitsa alumbire kuti anachita sevisi dzulo, sinthani oyilo ndi mafyuluta onse, kuti muyambe kuwerenga kuchokera pa tsiku limene mukulidziwa. Giyabokosi ipatsidwe mafuta olembedwa pa chitsulo chake choyezera kapena m'buku lake, osati amene ali pafupi. Bwezeretsani thermostat ngati inachotsedwa, tsukani rediyeta, thirani coolant. Ngati injini ndi ya lamba, monga 5A, 3S kapena dizilo za Hilux zakale, ndipo palibe sitika yosonyeza pamene lambayo anasinthidwa, sinthani. Gulani matrayango awiri ndi chozimira moto, matani zonyezimira zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, ndipo yesani jeki ndi sipanala ya matayala muli pakhomo. Wailesi ya ku Japan imathera pa 90 FM, ndiye masiteshoni ambiri simuwagwira mpaka mutaikitsa kachipangizo kowonjezera kapena kusintha wailesiyo.

Ulendo wa ku Lusaka udikire kaye. Ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo mitunda ya pakati pa Nyimba, mlatho wa Luangwa ndi Rufunsa imafuna galimoto imene mukuidziwa kale. Yambani ndi Katete n'kubwerera, m'mawa mwake muyeze oyilo ndi madzi muone ngati zatsika, kenako Petauke. Tsiku lopita ku Lusaka likafika, potsetsereka ku Manenekela tsitsani giya pa 2 kapena pa S kuti injini ithandize kugwira galimoto, chifukwa mabuleki oponderezedwa njira yonse amatentha n'kusiya kugwira, ndipo m'galimotomo mukhale chigubu cha madzi cha malita 5 ndi fotokope ya mapepala osonyeza kuti kusintha dzina kuli mkati.